Tiki ya pa Khomo la Chipatala

Mau amene anakambidwa pa msonkhano wa nthambi zathu za ku mapiri a Dowa ndi Ntchisi, olembedwa pano kuti amene sanathe kufika amve nao.

Mwagoneka makasu ndi kudza kuno, ena kuchokera kwa Chiwere ndi kwa Msakambewa, ena kwa Kayembe ndi kwa Chakhaza, enanso kutsika mapiri a kwa Nthondo ndi kwa Kalumo. Nkhani imene tadzera lero ndi ya chipatala, makamaka funso limene silichoka pakamwa pa anthu a ndale, lakuti kodi munthu wodwala azilipira pa khomo la chipatala cha Boma kapena ai. Nthambi zingapo zinatuma mau ku komiti kuti gulu lathu linene poyera pamene laima. Tinena lero, ndipo tinena pamodzi ndi zifukwa zake, kuti mukabwerera kwanu mukathe kuyankha munthu aliyense wokufunsani.

Funso iri si la lero. Achikulire amene muli pano mukumbukira tiki. M'masiku a Chitaganya zipatala za Boma m'dziko muno zinali m'manja mwa Boma la ku Salisbury, ndipo anthu anali kuyembekeza kuti ufulu ukadza chipatala chidzakhala chao-chao. Ufulu unadzadi pa 6 July 1964. Koma m'chaka chomwecho Boma la Dr. Banda linaika lamulo lakuti wodza kudzalandira mankhwala pa chipatala cha Boma alipire tiki, ndiko kunena makobiri atatu. Nduna zake zomwe zinakana. Pa 26 August 1964 a Kanyama Chiume, a Orton Chirwa, a Augustine Bwanausi, a Yatuta Chisiza, a Willie Chokani ndi anzao anamuuza madandaulo ao maso ndi maso. Sitirikunena kuti tiki yokha ndiyo inaswa Boma lija ai, pakuti panalinso nkhani ya malipiro a anthu a nchito za Boma, ya Azungu okhalabe pa mipando, ndi ya chibwenzi ndi Apwitikizi a ku Mozambique. Koma mwa zonsezi, imene munthu wa kumudzi anaimva m'thumba mwake inali tiki. Pa 7 September ena anachotsedwa, ena natula pansi okha, ndipo a Masauko Chipembere anawatsata atangobwera kuchokera ku Canada. Zimene zinatsatira mukuzidziwa kuposa anthu a maboma ena, pakuti Dzaleka ali pa Dowa pathu pano, ndipo asanakhale malo a anthu othawa kwao mu 1994 anali ndende ya anthu a ndale.

Tiki ija siinakhalitse. Kuyambira masiku amenewo chipatala cha Boma m'Malawi chakhala chaulere pa khomo, ndipo ngakhale m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, pamene World Bank inali kukankha maiko a mu Africa kuti azilipiritsa odwala, dziko lino silinatsate. Anzathu a ku Zambia anatsata mu 1993, nadzabweza okha mu 2006 m'madera a kumidzi, ataona mmene zinali kupweteka anthu. Uganda inabweza mu 2001. Chodabwitsa pa nkhani ya 1964 ndi chakuti Dr. Banda anali sing'anga ku London pamene Britain inayamba zipatala zaulere mu 1948, ndipo anali komweko mu 1951 pamene nduna imene inaziyambitsa, Aneurin Bevan, inatula pansi udindo chifukwa Boma lake linaika malipiro pa mano oikirira ndi magalasi a maso. Anaziona zimenezo ndi maso ake, koma zinadzamuchitikira iye mwini.

Tsono tibwere ku masiku athu ano. Mu 2013, pa Boma la People's Party, kunaululika kuba kwa ku Capital Hill kumene tonse tinakutcha Cashgate, ndipo maiko amene anali kuthandiza thumba la Boma anatseka dzanja. Zipatala ndizo zinamva msanga. Pofika 2015 zipatala zina za m'maboma zinali kupatsa odwala chakudya kamodzi pa tsiku, ndi maambulansi kugona opanda mafuta. M'chaka chimenecho Boma la DPP linayamba zimene linazitcha kukonzanso nchito za Boma, motsogozedwa ndi malemu a Saulos Chilima, ndipo pa zaumoyo panatuluka maganizo a thumba lapadera la zaumoyo, a inshuwalansi, a kukulitsa mawodi olipira, ndi a kulipiritsa munthu wopita ku chipatala chachikulu osayamba wadzera ku chaching'ono. Mu 2020 kunalowa Boma la Tonse lotsogozedwa ndi Malawi Congress Party. Kodi maganizo aja anatayidwa ku dzala? Iai. Mu 2023 Boma limenelo linatulutsa ndondomeko yake ya zaumoyo yofika 2030, ndipo mawodi olipira ndi njira zina zopezera ndalama kwa odwala zinalimo. Mu September 2025 DPP inabwereranso. Tsono tamverani, abale: pepala ndi lomwelo, amene amasintha ndi wolinyamula. Chipani chikakhala kunja chimalira nafe pa maliro, chikalowa m'Boma chimapeza pepala lija pa tebulo la nduna liri kudikira, ndipo chimaliwerenga ndi mau okoma koposa kale. Ndicho chifukwa chake ife sitifunsa munthu mtundu wa nsalu imene wavala, koma timfunsa chimene adzachita pa khomo la chipatala cha kwathu.

Tisanatsutse, tiyenera kuvomera chimene chiri choona m'mau a iwo ofuna malipiro, pakuti si onse ali ndi mtima woipa, ndipo ena a iwo ali m'nthambi zathu zomwe. Ndalama za zaumoyo m'dziko muno ndi zochepadi. Kuwerengera kwa chaka cha 2018-19 kunaonetsa kuti zonse pamodzi, za Boma, za maiko othandiza ndi zotuluka m'matumba mwathu, zinali pafupi-fupi madola 40 pa munthu mmodzi chaka chathunthu, ndipo zoposa theka zinali zochokera kunja. Mankhwala ambiri timagula kunja ndi madola, tsono pamene kwacha inagwetsedwa ndi 25 pa 100 mu May 2022, ndi kugwetsedwanso ndi 44 pa 100 mu November 2023, ndalama yomweyo inayamba kugula makatoni ochepa. Mu January 2025 Boma la America linaimitsa thandizo lake la kunja, ndipo bungwe la USAID, limene linali kuchirikiza nchito zambiri za malungo ndi za HIV, linatsekedwa chaka chomwecho. Anthu nao achuluka: kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 770,000 m'Dowa ndi oposa 310,000 m'Ntchisi. Dzenje liripo, ndipo amene anena kuti palibe alikukunamizani. Mkangano wathu ndi wakuti dzenjelo likwiriridwe ndi dothi lochokera pati.

Iwo ati lichokere kwa wodwala, pang'ono pokha. Koma kodi ndani anawauza kuti ife sitilipira kale? Mai wa kuseri kwa phiri la Ntchisi mwana wake akatentha thupi usiku, amayamba walipira wa kabaza, ndipo m'dzinja, misewu ikaterera, mtengo umakwera. Akafika amauzidwa kuti matenda apezeka koma mankhwala atha, nalemberedwa m'buku kuti akagule ku sitolo ya mankhwala. Akagonekedwa, pafunika womdikirira, ndi ufa, ndi nkhuni, ndi ndiwo, ndipo kumunda kwatsala udzu uli kukula. Akatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, pamenepo ndiye mbuzi yapita. Ndipo zikakanika, galimoto yobweza maliro ndi ya abale. Zonsezi sizilembedwa m'mabuku a Unduna, chifukwa chake a ku Capital Hill akanena kuti chipatala ndi chaulere amanena ndi mtima woyera. Ulere wake ndi wa pa khomo pokha. Tsono khomo lokhalo limene latsala ndilo afuna kuikapo tiki.

Palinso chinthu china chimene munthu wolandira malipiro pa mwezi sachidziwa, koma mlimi aliyense pano achidziwa. Matenda ndi ndalama sizidza mwezi umodzi. Malungo amakula mu January, February ndi March, mvula iri pakati, ndipo ndiyo miyezi yomweyo imene nkhokwe iri pululu, ndalama yonse yalowa m'feteleza, fodya akali m'munda kapena m'chigafa, soya ndi mtedza zisanakhwime. Msika wa fodya ku Kanengo umatsegulidwa cha mu April. Munthu amene mu June angathe kulipira osadandaula, mu February alibe ngakhale ya mchere. Akauzidwa kuti pa khomo pali malipiro, sanena kuti sindipita ai. Amanena kuti tiyambe taona mmene kuchere. Amagula Panado pa okala, nadikira tsiku limodzi, nadikiranso lina. Malungo a mwana wamng'ono sadikira masiku atatu. Akamafika ku chipatala mwana wayera m'maso, magazi atha, afunika kugonekedwa ndi kuikidwa magazi, ndipo Boma lomwe lija limene linafuna kupulumutsa ndalama ya mapiritsi a LA liononga kochuluka kuposa pamenepo. Ena amathamangira kwa akatapila, ena kugulitsa mbeu ikali m'munda pa mtengo wozizira. Kumeneko sindiko kuchepetsa mtengo wa matenda, ndiko kuusamutsa kuuchotsa m'buku la Boma ndi kuuika pa mutu pa mai.

Izi si zongoganiza. Ku Neno zinayesedwa ndi kuwerengedwa. Kumeneko zipatala zina zimene zinali kuthandiza anthu mwaulere zinayamba kulipiritsa, ndipo ofufuza amene analemba za izi mu 2016 anapeza kuti odza ku chipatala anachepa ndi 68 pa 100 alionse. Malipiro atachotsedwa, anthu anabwerera mwaunyinji. Kodi tinene kuti anthu awiri mwa atatu a ku Neno anali kudza ku chipatala kudzacheza? Anali odwala, ndipo malipiro ataikidwa anadwalira kunyumba. Ndipo ndalama yotoleredwa pa khomo, m'maiko ambiri a mu Africa amene anayesa njira iyi, siinali kufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a zofunika poyendetsa zipatala.

Ena ati musaope, osaukitsitsa adzakhululukidwa. Ife tifunsa: adzalemba maina ndani? Tiri ndi zaka zambiri chiyambire makuponi a feteleza mu 2005, ndipo palibe mfumu pano imene siinatukwanidwepo chifukwa cha kaundula. Ngati kusankha wosauka kumavuta pa thumba la feteleza, pamene pali miyezi yokonzekera, nanga kudzatheka bwanji pakati pa usiku, mlonda ali pa geti ndi mai ali ndi mwana wokomoka kumsana?

Za mawodi olipira sitikana zonse. Munthu wa ndalama zake akafuna chipinda cha yekha ndi chakudya cha mafuta, alipire, ndipo ndalamayo ioneke poyera kumene yapita. Koma tiyang'anitsitse, pakuti chikome-kome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pa chipatala cha pa Boma madotolo ndi owerengeka, anamwino ndi operewera, chipinda cha opaleshoni ndi chimodzi. Dotolo sangakhale mbali ziwiri nthawi imodzi. Ngati wolipira ndiye ayamba kuonedwa, ngati mankhwala otsala pang'ono asungidwira mbali yolipira, ndiye kuti malipiro alowa ndithu, koma alowera ku khomo la kuseri. Chifukwa chake tinena kuti alipire bedi ndi nsalu ya pa zenera, koma mzere wa kwa dotolo ndi shelefu ya mankhwala zikhale chimodzi kwa onse. Za inshuwalansi tingonena mwachidule: ndi yabwino kwa wolandira malipiro pa mwezi, amene angadulidwe asanalandire. Mlimi wolandira kamodzi pa chaka, ndiponso chaka china osalandira konse, musamuuze za inshuwalansi musanamuuze kuti chaka cha chilala adzamlipirira ndani.

Nanga dothi lokwirira dzenje lichokere kuti? Liyambe kuchokera pamene ndalama zirikutayikira. Unduna wa Zaumoyo womwe unanenapo kuti pafupi-fupi 30 pa 100 ya mankhwala ogulidwa ndi Boma amabedwa, ndipo mu 2016 unachita kukhazikitsa kagulu kofufuza za kuba mankhwala. Mankhwala amanyamuka ku Central Medical Stores Trust, nadzera m'manja ambiri, ndipo ena amakatulukira m'misika ndi m'tizipatala ta anthu, kumene ife tomwe timakagula chinthu chimene msonkho wathu unagula kale. Pa K6.2 biliyoni ya matenda a Covid-19, kafukufuku wa 2021 anaonetsa mmene zambiri zinathera m'maalawansi ndi m'kugula zinthu mosatsata malamulo, ndipo nduna imodzi inachotsedwa. Cashgate inali ya Boma lina, iyi ya Boma linanso, kuba kwa mankhwala kwadutsa m'Maboma onse. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo khoswe ameneyu alibe chipani. Mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mu Africa analonjeza kupatsa zaumoyo 15 pa 100 ya ndalama za Boma. Kwathu kuno zaka zambiri gawolo lakhala likuzungulira cha pa 10. Akulu-akulu akadwala amakwera ndege, chifukwa chake shelefu yopanda kanthu saidziwa. Koma tsiku lina ndege imachedwa. Pulezidenti Bingu wa Mutharika atagwa pa 5 April 2012 anathamangira naye ku Kamuzu Central, chipatala chomwe chija chimene timatumizidwako ife, ndipo zinamveka m'maiko kuti mankhwala ena ofunika pa nthawi yotere panalibe.

Tsono tifike pa nkhani imene iri yathu kweni-kweni kuno ku mapiri, imene anthu a m'tauni akamakangana za ulere saikumbuka. Ambiri a ife chipatala chapafupi si cha Boma, ndi cha mishoni. A Dutch anafika pa Mvera mu 1889, kwa Chiwere, Boma la Atsamunda lisanakhazikike, ndipo kufikira lero kuli chipatala cha Sinodi ya Nkhoma pa Mvera ndi pa Chinthembwe, ndi cha Akatolika pa Madisi ndi pa Mtengowanthenga. Zipatala za mishoni, zimene ziri pansi pa bungwe la CHAM, zimagwira pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nchito ya chipatala m'dziko lonse, ndipo zimalipiritsa, pakuti Boma limapereka malipiro a anchito ao koma mankhwala, mafuta ndi magetsi amadzionera okha. Sitiwadzudzula, popanda iwo manda akadachuluka. Koma taonani chilungamo chake. Anthu awiri alima fodya mofanana, adulidwa msonkho mofanana, agula sopo ndi mafuta a msonkho womwewo. Mmodzi anabadwira pafupi ndi Mponela, alandira mankhwala mwaulere. Mnzake anabadwira pafupi ndi mishoni, alipira, kapena ayende mtunda wautali kulambalala chipatala chimene alikuchiona ndi maso. Kwa munthu wachiwiriyu tiki ya 1964 siinachoke konse.

Njira yokonzera ichi iripo kale, siifunika kupangidwa mwatsopano. Kuyambira 2006 ofesi ya zaumoyo ya pa Boma imatha kupangana ndi chipatala cha mishoni kuti anthu a m'deralo athandizidwe osalipira, chipatala nichitumiza bilu yake ku Boma. Mapangano amenewa, amene a ku ofesi amawatcha SLA, kwambiri amakhudza amai oyembekezera, kuchira, ndi ana obadwa kumene, ndipo kumene anayenda bwino amai ochirira ku chipatala anachuluka. Chobvuta chake ndi chakuti Boma limachedwa kulipira, nthawi zina miyezi yambiri, mpaka zipatala zina zinaimitsapo panganolo ndi kuyambanso kulipiritsa. Ndiponso panganolo ndi lopapatiza: mai akachira athandizidwa mwaulere, koma mwamuna wake akadwala chibayo, kapena agogo a matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, alipire. Apa ndi pamene gulu lathu laima. Pa khomo la chipatala cha Boma pasaikidwe malipiro, ngakhale ochepa chotani. Ndipo pali ponse pamene chipatala chapafupi ndi cha mishoni, pangano likhalepo, likule kufikira pa malungo, chibayo, kutsegula m'mimba ndi matenda a mgonagona kwa anthu a misinkhu yonse, ndipo bilu yake ilipiridwe pa nthawi yake monga alipiridwira malipiro a aphungu, amene sitinamvepo kuti achedwa.

Koma tisangotuma mau ku Lilongwe ndi kukhala pansi. Chipatala chaching'ono chirichonse chiyenera kukhala ndi komiti ya anthu a m'midzi yozungulira, ndipo ina mwa nchito zake ndi kukhalapo tsiku limene galimoto ya mankhwala yafika, kuwerenga makatoni ndi kusaina. Kodi ndi angati pano adziwa maina a anthu a m'komiti ya chipatala cha kwao? Taona manja ndi ochepa. Nthambi iriyonse ikafunse mainawo, ikafunse tsiku limene komiti inakhala komaliza, ndipo ngati inafa, mafumu athu, tikupemphani kuti muiukitse. Mukapite mwaulemu, pakuti namwino amene ali yekha pa chipatala usana ndi usiku si mdani wathu, ndipo kawiri-kawiri iye ndiye amayamba kulira mankhwala akatha. Nthambi za pafupi ndi mishoni zikafunse ngati pangano liripo, likhudza matenda ati, ndiponso Boma linalipira liti komaliza. Akakukanizani, muwakumbutse kuti lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za Boma linayamba kugwira nchito pa 30 September 2020, ndipo funso lomwelo mukalipereke kwa khansala ndi kwa phungu wanu, wa chipani chirichonse, pamaso pa anthu.

Chotsiriza ndi kope. Mlembi wa nthambi iriyonse agule kope limodzi, ndipo m'dzinja lino lonse alembe banja lirilonse la m'nthambi limene lapita ku chipatala: mwezi wake, mtunda wake, ndalama ya kabaza, mankhwala amene anauzidwa kukagula ndi mtengo wake, ndi chimene anagulitsa kapena kukongola kuti apeze ndalamayo. Maina a odwala ndi matenda a chinsinsi musalembe, lembani mudzi wokha. Amene sadziwa kulemba akanene pakamwa kwa mlembi. Makope onse afike ku komiti msika wa fodya usanatsegulidwe, kuti tikawaphatikize pamodzi ndi kupita nao ku khonsolo ya Dowa ndi ya Ntchisi.